Khutu la Amalume

Lolemba

M'mawa. Ndili pamwamba pa kamiyau, lole yonyamula katundu, pa matumba a nyemba, miyendo ikulendewera. Zobwe akutsalira m'mbuyo. Ndanyamuka!

Ntchito ndi imodzi: kukapeza amalume a Zakariya ku Moatize ndi kubwera nawo kuno pofika Lamulungu. Amalume ake a Rozita, bwenzi langa, ananena poyera dzulo: "Mnyamata wopanda nkhoswe ife sitimuwerengera. Lamulungu likadutsa mwini mbumba wake osaoneka, timvera wina." Winayo ndikumudziwa. Ndi Armando wosintha ndalama pamalire, wa njinga yatsopano, amene amaonetsa mano ngakhale pamaliro.

Vuto ndi lakuti amalumewo sindiwadziwa. Anapita kukagwira ntchito ya njanji ine ndikadali kumsana. Nkhondo itafika ife tinathawira ku Malawi, iwo anatsala komweko. Tabwerako kumsasa, talima, takolola, iwo zii. Woyendetsa kamiyau wina ndiye anauza amayi kuti ali moyo, amakhala chakufupi ndi estasau ya sitima.

Chizindikiro chawo: khutu lamanzere. Galu analiluma ali mwana, nsonga kulibe.

Ndanyamula:
tambala wofiira wa amalume (kwa mwini mbumba supita chimanjamanja),
kathumba ka mbatata ya kachewere,
malaya achikasu a kutchalitchi,
kope ili,
ndi malamulo a amayi.

Malamulowo ndi omwe aja a nthawi yothawa. Ndinawaloweza ndisanaloweze Atate Athu. Mlendo akakufunsa dzina, mupatse la wina. Usanene kwanu, usatchule m'bale. Pamalo posapadziwa, ponda pomwe waponda mnzako. Lero amayi sanawabwereze, angoti, "Uyende bwino, usamale." Koma "usamale" wa amayi ine ndimamumva.

Ndawonjezapo langa: dzina la amalume silituluka pakamwa panga. M'tauni ukangoti ndikufuna a Zakariya, nkhalamba iliyonse iyankha kuti ndine, tambala n'kupita. Ine ndiyang'ana khutu basi. Pa khutu ndani angandipusitse?

Masana. Tikutsika mapiri, kutentha kukukwera. Mitengo yakwathu yatha, kwatsala malambe ndi mbuzi. M'mbali mwa msewu muli zigoba za magalimoto owotchedwa, koma palibe akuziyang'ana. Mayi wina wandipatsa masau ouma odzaza dzanja. Chifukwa chiyani? Sitidziwana. Ndadikira adye iye kaye. Wadya, sanafe. Komabe ndawaika m'thumba.

Madzulo. Moatize! Anthu ngati tsiku logawa chimanga kumsasa, koma chogawidwa palibe. Onse ali piringupiringu, moni osapatsana. Ndapereka moni kwa oyamba kukumana nawo, wina wayang'ana kumbuyo kwake, wina wagwira thumba lake. Munthu wosalandira moni ali ndi chimene akubisa. Fumbi lake ndi lakuda, la malasha, lalowa kale m'mano.

Ndaima pafupi ndi estasau ngati chitsa. Mayi wina wonenepa, wogulitsa mandasi, wandikodola. Akuti ndi Dona Marta. Amalankhula Chinyungwe chosakaniza ndi chathu: "Mwachoka kuponi? Ndimwe mbani?" Mafunso awiri nthawi imodzi! Ndati ndine Fernando wa ku Angonia. Wati ndizigona pakhonde pake, ndimugawireko mbatata basi. Sindikukondwa msanga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tambala ndamumangirira kumwendo kwanga.

Lachiwiri

Ndadzuka ndili moyo. Tambala aliponso. Wandijompha chala, koma ndi wathu.

Estasau ndaiona bwino. Sitima palibe! Akuti chiyambire nkhondo sinabwere, njanji inadulidwa kumunsi uko. Mabogi ali ndandanda, dzimbiri lokhalokha, udzu wamera m'magudumu, mbuzi zikugona pansi pake. Nanga amalume amagwira ntchito yanji pa sitima yosayenda? Nkhani iyi ikununkha.

Ndayamba ntchito ya makutu. Njira yake: kuima chakumanzere kwa bambo aliyense wachikulire, kuyang'ana, kusuntha. Makutu a ku Moatize:
aakulu ngati a mleme,
aubweya,
ena omatidwa ku wailesi,
lina losungira ndudu,
lina losungira lapisi, ndiye pensulo.
Lolumidwa ndi galu palibe. Agalu akuno ndi aulesi, amangogona. Bambo wina wandifunsa m'Chipwitikizi ngati ndataya kanthu m'khutu mwake. Ndanamizira kusamva.

Masana. Ndagula pau, buledi wakuno, ku padariya kumene amamuphika. Wofewa, wotentha, wokoma mokayikitsa. Mwini padariya wafunsa dzina. Fernando wandithawa m'mutu, ndati Alberto. Palibe kanthu. Mipanda iwiri imateteza kuposa umodzi.

Chamadzulo. Zachitika!

Ndimafuna kudutsa bwalo la njanji kupita ku nyumba za tsidya linalo. Udzu wautali, zitsulo paliponse, malo enieni obisalamo zophulika. Ine sindine mwana. Ndadikira mpaka kwabwera bambo wina wamfupi, wovala chisoti chaubweya chokokera mpaka m'masaya. Kutentha konseku! Walowa mu udzu, ine pambuyo pake, phazi langa pa phazi lake, monga mwa lamulo. Wacheuka. Ndaima. Wayenda, ndayenda. Wacheukanso. Wawonjezera liwiro. Nanga ine nditsale ndekha pakati pa udzu? Ndawonjezeranso. Wayamba kuthamanga! Inenso liwiro, tambala kukhwapa akukuwa, maso anga ali pa zidendene zake. Wakwawa pansi pa bogi, watulukira uko, osaonekanso.

Ndatsala ndekha. Ndabwerera chafutambuyo m'mapazi anga omwe. Mbuzi zimandiyang'ana.

Ndaganiza mofatsa: munthu uja ndi mbava. Amandikokera pakati pa mabogi kumene kuli anzake, koma ataona kuti ndili tcheru wasintha maganizo. Munthu wolungama sathawa, ndipo savala chisoti chaubweya ku Moatize. Ndamutcha Chisoti.

Dona Marta akuti, "Fernando, mwasamba?" Ndacheuka kuti ndimuone Fernandoyo. Ndiyenera kusamala.

Lachitatu

Kuyang'ana kokha sikukwanira. Amuna ambiri kuno ali m'nyumba kapena pansi pa zipewa, ndipo khosi layamba kundiwawa. Lero ndifunsa, koma mochenjera. Safunsa anadya phula, koma wofunsa mopusa anadyeredwa tambala.

Funso ndalikonza chonchi: "Kodi kuno kuli bambo wina wochokera kumapiri, wa ku njanji, amene khutu lake lina ndi loperewera?" Dzina mulibe, ubale mulibe. Ndani angagwirepo kanthu?

Ndayamba ndi Dona Marta. Chipande cha mandasi chaima m'mwamba. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako: "Mumufuniranji?" Ndati ndili naye mawu. "Mawu a yani?" Ndati a anthu ena. Mandasi apserera. Watembenukira ku chiwaya chake.

Ku mpopi azimayi amaseka. Nditafunsa, onse zii, zidebe zokha zikulira.

Pansi pa mtengo wa mango akuluakulu akusewera nsolo. Ndagwada mwaulemu, ndafunsa. Dzanja la wosewera laima pa dzenje. Mmodzi wati, "Wotero kuno sitinamuonepo, mwananga, ndipo sitidzamuona." Wadziwa bwanji kuti sadzamuona? Wafunsa dzina. Fernando ndi Alberto ndawagwiritsa kale ntchito, ndati Domingo wa ku Nkondezi.

Tauni yonse ikudziwa kanthu. Akugwirizana. Sindinaonepo anthu obisa zinthu chonchi! Kwathu munthu ukamufunsa amakuyankha, ngakhale bodza.

Masana. Tsidya la njanji (ndazungulira kumsewu, za udzu ndasiya) ndaona nyumba ya denga lokongola. Makoma adothi wamba, koma malata ake okhuthala, opindika bwino, ena ali ndi manambala oyera ngati aja a pa mabogi. Rozita amati tsiku lina akufuna kudzamva mvula ikulira pa malata. Ndaima pomwepo, ndatulutsa kope, ndajambula mmene anawakhomera, ndi manambala omwe, kuti ndikamuonetse. Ndili mkati mojambula, chitseko chomwe chinali chotsegula chatsekeka chokha. Kansalu ka pawindo kagwedera. Kumbuyo kwake ndaona chisoti chaubweya.

Ehe! Ndapeza phanga la mbava. Ndakhala pomwepo kanthawi ndithu, kuti adziwe kuti ndadziwa. Pochoka ndaloza nyumbayo ndi lapisi.

Madzulo. Mbatata yayamba kununkha, kutentha kuno si kwake. Ndasankha yovunda, yachuluka kuposa yabwino. Tambala akupumira kukamwa. Rozita, ukanaona mmene ndikuvutikira! Ndakusowa, ndipo ndikuopa njinga ija. Panopa mwina ikudutsa kwanu kachitatu, mwini wake akunamizira kuti unyolo wagwa.

Lachinayi

Nzeru yatsopano: mwina amalume anasamukira ku Tete. Sitima ikafa, munthu wa njanji amatsata kumene kuli chakudya. Ndakwera shapa, minibasi yakuno. Tambala ndapita naye, sindingamusiye ndi mayi wodziwa kukazinga.

M'shapa tathithikana ngati matemba m'dengu. Dzanja langa limodzi lili pathumba, lina pa tambala, ndiye logwirira palibe. Pokhota ndakhalira agogo ena pamiyendo. Sanadandaule. Zimenezonso n'zokayikitsa.

Zambezi! Amayi anandiuza, koma sananene zonse. Madzi osatha, ndipo mlatho wake ndi wolendewera pa zingwe. Zingwe! Shapa, makamiyau, anthu a njinga, tonse pa zingwe, ndipo ukugwedezeka, ndaumva ndi matako angawa. Anthu akungocheza za mitengo ya tomato. Ndatseka maso, ndapemphera, ndipo popempherapo ndatchula dzina langa lenileni chamumtima, kuti kumwamba asasokoneze.

Tete ndiye tauni. Moatize ndi mwana. Nyumba zosanjikana, anthu akuyanika zovala pamwamba pa mitu ya anzawo. Phula la mumsewu lafewa ndi dzuwa, lagwira patapata wanga, ndachita kulimbana nalo. Pa sitolo ina pali anthu oima pawindo osaphethira. Ndawayang'anitsitsa, iwonso andiyang'anitsitsa, mpaka ndazindikira kuti ndi zidole zovekedwa. Makutu awo ndi athunthu.

Zokayikitsa za ku Tete:
bambo wa kamera amene amafuna kundijambula "ndi nkhuku yomwe" (akapita nacho kuti chithunzicho?),
madzi ozizira ogulitsa m'timapepala ta pulasitiki,
wapolisi amene wandimwetulira,
mzungu wofiira ngati tsabola pa galimoto yoyera, wondikwezera dzanja ngati tinadyera limodzi.

Ndafunsa funso langa pa merkado, msika wawo. Kuno sakhala chete, amaseka. Wina wandilozera kwa wogulitsa mbuzi, akuti zake zonse n'zodula makutu, ndisankhepo.

Tambala wakomoka pafupi ndi mlatho. Ndagula madzi a m'pepala aja, ndamuthira pamutu, ndamupepesa. Watsitsimuka, koma sakundiyang'ana.

Powoloka kubwerera sindinatseke maso. Ndimayang'anira zingwe.

Madzulo. Potsika shapa ndaona ndi maso angawa: Dona Marta ali kuseri kwa nyumba akunong'onezana ndi Chisoti! Mayiyo akuloza khonde lomwe ndimagona, Chisoti akupukusa mutu. Atandiona, Chisoti wadumpha mpanda. Nkhalamba yodumpha mpanda!

Ndiye zadziwika: mayiyu ndi kazitape wawo. Mandasi aja anali nyambo. Wandipatsanso ena. Ndadya chifukwa cha njala, koma ndadya ndikudziwa.

Lamulungu likuyandikira, amalume osaoneka, ndipo ndazingidwa.

Lachisanu

Sindidikira kuti andiyambe. Ndavala malaya achikasu, ndatola ndodo, ndakakhala pa chitsulo moyang'anana ndi nyumba ya malata. Adziwe kuti mwana wa kumapiri saopsezedwa. M'mawa wonse chitseko sichinatseguke. Munthu ameneyu sapita kuseri? Kapena ali ndi njira ya pansi.

Chitsulo chatentha. Ndapirira.

Masana. Kwabwera abambo awiri, akuti sekretaryo wa bairo, woyang'anira dera lino la tauni, akundiitana. Ndapita, tambala kukhwapa.

Bwalo lili pansi pa mtengo wa nsolo uja. Anthu adzaza, malonda asiya. Sekretaryo ndi bambo wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Wafunsa anthu kaye kuti mlendoyu ndani.

Dona Marta: "Fernando wa ku Angonia."

Wa padariya: "Ayi, Alberto."

Mkulu wa nsolo: "Kwa ine anati Domingo wa ku Nkondezi."

Sekretaryo wavula magalasi. "Munabwera atatu? Nanga enawo ali kuti?" Anthu aseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso.

Wafunsa bilyete, chitupa cha boma. Ndati ndilibe, obwerera ambiri tilibe, ndipo zimenezo ndi zoona, zoyamba sabata ino. Wafunsa chomwe ndikufuna m'bairo mwake. Apa lilime lafuna kuterereka. Ndikanangoti amalume! Koma kutchula m'bale pamaso pa boma, khamu lonseli likumva? Atate anga anangotchulidwa dzina pamsonkhano wotere, pansi pa mtengo, ndipo sitinawaonenso. Ndati ndikufuna ntchito ku mgodi wa ku Chipanga.

"Ntchito ya mgodi amaifunira m'makutu mwa anthu?"

Mayi wina wakuwa kuti ndine wolemba malata. Wina akuti ndatumidwa ndi a njanji. Wina akuti ayi, ndi aja a m'tchire osamva kuti nkhondo inatha. Wina akuti munthu woyenda ndi tambala wofiira ku Tete n'kubwera nayenso si wamalonda ayi. Ine! Ine amene ndazingidwa ndi mbava sabata yonse!

Chigamulo: ndasokoneza mtendere wa bairo. Ndichoke pofika Lamulungu m'mawa, ndisayandikirenso nyumba ya malata, ndipo ndipepese anthu ndi kanthu. Onse ayang'ana kukhwapa kwanga.

Tambala wapita.

Madzulo. Fungo lake ladzaza bairo yonse, anyezi ndi piripiri. Dona Marta wabwera ndi mwendo m'kambale, akuti gawo la mlendo. Ndinamulera kuyambira ali kamwanapiye, ndawoloka naye Zambezi. Ndalira pang'ono. Anali wokoma.

Loweruka

Kumwendo kwapepuka, wondijompha palibe.

Nkhani ya m'mawa: Chisoti wathawa! Akuti wakwera kamiyau mbandakucha ndi kamtolo kamodzi, nyumba wakhoma loko. Ndamugonjetsa! Mtsogoleri wa mbava za ku Moatize wathawa mwana wa ku Zobwe. Ndavala malaya achikasu, ndayenda pang'onopang'ono kumsika kuti ofuna kuthokoza asavutike kundipeza.

Palibe wandithokoza.

Dona Marta akukanda ufa ngati akukanda ine. "Munthu wa Mulungu, wosalimbana ndi aliyense! Nkhondo yonse anakhala pano osathawa, lero wathawa imwe. Mtima wanu uli kuponi?" Ndati munthu wosalakwa sathawa. Wati, "Nanga imwe munathawiranji ku Malawi?" Akuti kalankhulidwe kanga n'ka kumsasa, anakamva tsiku loyamba lomwe. Ndayang'ana pansi. Ndanamizira kufuna patapata.

Ndayesa komaliza. Ndazungulira msika, panja pa chipatala, pakhomo pa tchalitchi pomwe amuna amavula zipewa. Tsopano anthu akandiona akuphimba makutu ndi manja. Ana akunditsata akuimba maina anga atatu, mawu ake ogwirizana bwino, ena akuwomba m'manja. Pofika masana nyimboyo yafika kale ku padariya.

Mbatata yotsala ndakataya kudzala. Mbuzi zanunkhiza n'kuchoka.

Zomwe ndinabwera nazo: tambala, mbatata, nzeru.
Zomwe ndikubwerera nazo: malaya achikasu osanduka akuda, masau a mayi uja.
Masau ndadya. Ali bwinobwino.

Madzulo. Ndakhala pakhonde. Dona Marta wakhala chapatali, wafewa pang'ono. "Mwananga, nenani chilungamo. Munthu wa khutu ule mumamufuniranji?" Ndafuna kunena, Mulungu ndi mboni. Pakamwa patseguka, mawu akana kutuluka, ngati kulemba ndi dzanja lamanzere. Ndangoti palibe. Wapukusa mutu, wandimangira mandasi a panjira, osalipira.

Mwina mayiyu si kazitape. Kapena ndi kazitape wabwino mtima.

Mawa ndikaima pamaso pa amalume ake a Rozita wopanda nkhoswe, wopanda tambala, wopanda ngakhale nkhani yomveka. Rozita ndamutaya. Mtima ukundiwawa kwenikweni, ndipo womuloza chala ndikumusowa.

Lamulungu

Ndatsika pamalire masana. Mphepo yakwathu! Armando ali pamalo pake, wandikwezera chipewa. Ndayenda pang'onopang'ono, ndikukonza mawu okauza amayi.

Pakhomo pali anthu. Ndimaganiza maliro. Ayi, akumvetsera. Amayi akhala pamphasa, maso ofiira, agwira dzanja la bambo wina wamfupi, ndipo bamboyo akusimba mokweza: "Wa malaya achikasu, maso ngati a kadzidzi, tambala wamankhwala kukhwapa! Ndikaponda apa, iye aponda pomwepo, kutapa mapazi anga! Malata anga walemba manambala onse. Ndinati ngati n'kufa, ndikafere kwa mlongo wanga."

Pabondo pake pali chisoti chaubweya. Khutu lamanzere nsonga kulibe.

Amalume andiona. Akuwa kuti "Ndi ameneyu!" n'kubisala kumbuyo kwa amayi. Amayi andiyang'ana, ayang'ana malaya, ayang'ananso kukhwapa kopanda tambala. "Achimwene, uyu ndi mwana wanga. Ndinamutuma kwa inu."

Zotsatira zake sindilemba zonse. Anthu agubuduzika pansi. Bambo wina achita kumuthira madzi.

Amalume atapuma anena: "Wofuna m'bale amatchula dzina. Wofunsa munthu ndi chilema chake ndi wotumidwa, tonse tinaphunzira zimenezo." Chisoti akuti anayamba kuvala nthawi ya nkhondo kuti asadziwike, ndiye anazolowera. Malata aja ndi a pa bogi, "ndikungowasungira eni ake." Kusabwera zaka zonsezi akuti ankachita manyazi kufika chimanjamanja. Afika chimanjamanja ndithu, ndipo amayi sakuwasiya dzanja.

Chamadzulo afika amalume ake a Rozita. Nkhani aimva kale kumsika, akuyesa kuumitsa nkhope koma masaya akuwapereka. Ine mumtima ndati zatheka, nkhoswe si iyi yakhala apa, ndipo lero ndi Lamulungu? Koma amalume anga akana. "Nkhoswe imaimira munthu amene ikumudziwa. Ine ndikudziwa Fernando, Alberto ndi Domingo, ndipo onse atatu ndi oopsa. Uyu ndimuone kaye mpaka tikolole." Enawo avomera kudikira mpaka kukolola, osapitirira. Rozita watuma mawu, akufunsa kuti mwa atatuwo akwatiwa ndi uti.

Mpaka kukolola amalume akhala kuno. Ku Moatize akuti sangabwerere msanga, anthu awaseka. Azigona m'nyumba yomwe ndamangira Rozita. Ine m'chisakasa chophikira, ndi nkhuni.

Ndafunsa amayi chifukwa chake akundiseka, pomwe malamulo awo ndasunga onse, osaphwanyapo ngakhale limodzi. Asiya kuseka. "Aja anali a nkhondo, mwananga. Ndinakuphunzitsa kubisala, ndinaiwala kukuuza kuti zatha."

Palibe amene anandiuza.

Dzuwa likulowa amalume andiitana. Akhala patali pang'ono, ndodo ili pafupi. Pomwe ankachoka ndinali ndi dzina la ukhanda, la ubatizo sakulidziwa. "Tiyambe bwino. Dzina lako ndani?"

Ndawauza. Lenileni, lonse, ndi la atate lomwe. Latuluka molemera, koma latuluka.

Andiyang'anitsitsa. Kenako atembenukira kwa amayi.

"Mlongo, akunena zoona?"

Kukolola kuli kutali.